KUTSITSA DENGA LA GALIMOTO YAKALE

Kwathu ku Midzemba, m'boma la Neno, munthu akagula galimoto funso loyamba limene anansi amafunsa ndi lakuti, "Kodi isenza matumba angati a cimanga?" Laciwiri ndi lakuti, "Nanga anthu akwera angati?" Cifukwa ca ici amisiri athu akakhudza thupi la galimoto, kawiri-kawiri amafuna kulikuza: amawocherera mpanda wa zitsulo kumbuyo kwa pick-up, kapena kuika cisanja ca katundu pamwamba pa denga. Koma ku maiko ena, makamaka ku America, kuli anthu amene amacita zosiyana ndi izi. Iwo amatenga galimoto yakale yabwino-bwino, nadula denga lace lonse, nacotsako mainchesi angapo ku mizati, nalibwezeranso pamalo pace liri lotsika. Eni ace amaicha nchitoyi chop, ndiko kunena kutema.

Womva nkhaniyi koyamba angaganize kuti ndi masewera a anthu osowa cocita ndi ndalama zao. Ine ndaikonda pa cifukwa cina. M'nchito imeneyi muli masamu omwe aja timadandaula nao m'kalasi, mulinso nkhani ya moyo ndi imfa, pakuti denga la galimoto si cipewa cochinga dzuwa cabe ai. Cotero ndifuna kukufotokozerani, anzanga ndi inu aphunzitsi athu, kumene mcitidwewu unayambira, m'mene amisiri amagwirira nchitoyo, ndi cifukwa cace kudula kwenikweniko kuli gawo laling'ono koposa la nchito yonse.

KUMENE ZINAYAMBIRA

M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anyamata a ku California anali kugula magalimoto akale a Ford pa mtengo wochipa, nawakonza kuti azithamanga koposa m'mene anapangidwira. Anakonda makamaka Ford ya 1932, popeza ndiyo inayamba kubwera ndi injini yamphamvu ya V8 pa mtengo umene munthu wamba akanatha kulipira. Magalimoto otere anapatsidwa dzina lakuti hot rod. Mipikisano yao inali kucitikira m'cipululu ca Mojave, pa nyanja zakuphwa za Muroc ndi El Mirage, pamene dothi lace ndi lolimba ndi losalala ngati pansi pozira. Kuyambira mu 1949 anayambanso kukumana pa cidikha ca mcere ca Bonneville, m'dera la Utah.

Kumeneko anapeza kuti mdani wamkulu wa liwiro ndi mpweya. Ali yense wa ife amene anapalasapo njinga moyang'anana ndi mphepo ya mwera m'mwezi wa June kapena July adziwa kuti mpweya uli ndi mphamvu. Lamulo lace ndi ili: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mpweya kuwirikiza ka 4, ndipo nyonga imene injini iyenera kupereka kuti igonjetse mpweyawo iwirikiza ka 8. Kukankhako kudaliranso kukula kwa nkhope ya galimoto, ndiko kunena malo onse amene muwaona mukaima kutsogolo kwace. Mukacepetsa nkhopeyo ndi gawo limodzi la magawo 10, kukankha kwa mpweya kucepanso momwemo, ngati zina zonse sizinasinthe. Tsono denga la magalimoto a masiku amenewo linali lalitali, loti munthu nkukhalamo atabvala cipewa. Anyamatawo anaona kuti injini yaikulu ifuna ndalama zambiri, koma maceka odulira citsulo ngochipa.

Citsanzo cochuka ndi Ford ya 1934 ya anyamata awiri apacibale, Bob ndi Dick Pierson, imene denga lace linatsitsidwa ndi mainchesi 9, ndiwo pafupi-fupi masentimita 23. Lamulo la mpikisano linati galasi lakutsogolo lisacepere mainchesi 7, koma silinanene kuti galasilo liime cotani. Iwo anasunga mainchesi 7 aja naligoneka cagada, kotero kuti mpweya unali kungotsetsereka pamwamba pace.

Pambuyo pace ena anayamba kutsitsa denga cifukwa ca maonekedwe okha, ndipo magazini ya Hot Rod, imene inayamba kutuluka mu January 1948, inafalitsa zithunzi za magalimoto otere m'dziko lonselo. Abale ena awiri a ku Los Angeles, Sam ndi George Barris, ndiwo anachuka ndi luso limeneli. Sam anadula denga la Mercury yace ya 1949. Mu 1952 awiriwa anakonzera Bob Hirohata Mercury ya 1951, natsitsa denga ndi mainchesi 4 kutsogolo ndi mainchesi 7 kumbuyo, kuti lizitsika pang'ono-pang'ono ngati msana wa nsomba. Galimoto imeneyi inagulitsidwa pa okushoni ku Florida mu January 2022, pa mtengo wa madola a ku America pafupi-fupi 2 miliyoni.

MIZATI NDI MSANA

Tisanatenge maceka tiyenera kudziwa cimene tifuna kudula. Denga limakhala pa mizati iwiri-iwiri. Ya kutsogolo, imene igwira galasi lalikulu, amaicha A. Ya pakati amaicha B. Ya kumbuyo amaicha C. Mzati uli wonse si ndodo yodzaza citsulo ai, koma ndi malata awiri kapena atatu opindidwa ndi kulumikizidwa pamodzi, osiya mphako mkati monga nsungwi. Mphamvu yace iri m'mapindidwe amenewo.

Magalimoto ali a mitundu iwiri. Ambiri akale, monga Ford ya 1932, Mercury ya 1949 ndi Land Rover imene inayamba kupangidwa mu 1948, ali ndi msana wa zitsulo zocindikala pansi, umene amakaniko amaucha chassis, ndipo thupi limangomangidwa pamwamba pace ndi mabauti. Afanana ndi nkhokwe yokhala pa phaka lace la mitengo: mukacotsa denga, phakalo liri ciimire. Koma Morris Minor ya 1948, Peugeot 404 ya 1960 ndi magalimoto ang'ono a masiku ano monga Sienta alibe msana wotere. Thupi lonse pamodzi ndi denga lomwe ndilo mphamvu yao, monga cigoba ca dzira. Mukadula denga la galimoto yotere musanaicirikize, ikhoza kupindika pakati, zitseko osatsekanso.

BVUTO LA NDOWA

Nayi tsono mfundo imene inandikopa ine. Tengani ndowa yotungira madzi, muibvundikire pansi. Kumwamba kwace nkocepa, kumunsi nkotakata. Mukadula lamba wa mainchesi 4 pakati pace mozungulira, ndi kutsitsa cidutswa ca kumwamba, kodi cikhala bwino pa cinzace? Iai. Cigwera mkati, pakuti milomo iwiriyo siirinso yofanana. Denga la galimoto liri momwemo. Mizati yace yonse imapendekera mkati: ya kutsogolo ipendekera kumbuyo, ya kumbuyo ipendekera kutsogolo, ndipo ya kumanja ndi ya kumanzere iweramirana.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti mizati ya A yapendekeka madigiri 30 kucokera pa cingwe coima ciriri, ya C yapendekeka madigiri 45, ndipo tifuna kutsitsa denga ndi mainchesi 4. Mpata umene utsala kutsogolo tiupeza poculukitsa 4 ndi tangent ya madigiri 30, imene iri 0.577, yankho ndi mainchesi 2.3. Kumbuyo tangent ya madigiri 45 ndi 1, cotero mpata ndi mainchesi 4. Tikaphatikiza, denga liperewera ndi mainchesi 6.3 m'litali, ndiwo masentimita 16. M'mbali namo, ngati mizati ipendekeka madigiri 10, tangent yace ndi 0.176, ndipo mpata ukhala mainchesi 0.7 mbali iri yonse, kapena 1.4 mbali zonse ziwiri. Denga limene linali lokwana bwino m'mawa, pofika madzulo lakhala lalifupi ndi lopapatiza, ngakhale palibe amene walikhudza pamwamba.

Pali msampha winanso. Mainchesi 4 aja ndi oyezedwa coimirira, osati motsata mzati ai. Pa mzati wopendekeka madigiri 30 cidutswa cocotsedwa ciyenera kutalika mainchesi 4.6, ndipo pa wa madigiri 45 ciyenera kutalika mainchesi 5.7, manambalawa tiwapeza pogawa 4 ndi cosine ya madigiriwo. Munthu wongoika tepi pa mzati uli wonse ndi kulemba 4 adzapeza kuti kutsogolo kwatsika mainchesi 3.5 ndipo kumbuyo 2.8, denga nkukhala ngati cipewa ca munthu woledzera.

Njira zotsekera mipata imeneyi ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo kukuza denga. Mmisiri amaliceka mopingasa, nthawi zina m'litali momwe, kuti likhale zidutswa ziwiri kapena zinai. Amakhazika cidutswa ciri conse pa mzati wace, nadzaza mipata yotsala ndi malata atsopano, monga telala aonjezera nsalu m'malaya othina. Yaciwiri ndiyo kusiya denga m'mene liriri, kuceka mizati pang'ono patsinde ndi kuigoneka kufikira itakumana ndi inzace ya kumwamba. Njira iyi isintha maonekedwe a mazenera onse. Amisiri ambiri amaphatikiza njira ziwirizi.

Mwaona tsono cifukwa cace magalimoto ena ali osabvuta ndipo ena ali obvuta. Ford ya 1932 mizati yace njoongoka pafupi-fupi ngati ya bokosi, tangent yace njocepa, mpata nao ngocepa. Land Rover yakale iri momwemo, ndipo denga lace nlongomangidwa ndi mabauti, kungoti thupi lace ndi la aluminiyamu, amene afuna kawocheredwe kace-kace. Koma Mercury ya 1949 njobulungira ngati cikho, ndipo palibe mzere woongoka poyambira. Ndico cifukwa cace abale a Barris aja analemekezedwa.

M'MENE NCHITO IMAYENDERA

Coyamba, mmisiri amakhazika mwini galimoto pa mpando, nayeza mpata wa pakati pa mutu ndi denga. Ngati mpatawo uli mainchesi 5, kucotsa 4 ndiko kusiya inchi imodzi, ndipo pa dzenje loyamba la mumsewu mutu ugunda citsulo. Cifukwa cace kawiri-kawiri amatsitsanso mpando. Ambiri amayamba ajambula cithunzi ca m'mbali mwa galimoto, nacidula ndi lumo, nacilumikizanso, kuti aone maonekedwe ace asanakhudze citsulo.

Caciwiri, amacotsa zonse zokhoza kupsya kapena kusweka: magalasi, mipando, nsalu ya kudenga, mawaya a magetsi odzera m'mizati, batire ndi thanki ya petulo. Thanki yooneka yopanda kanthu imakhalabe ndi nthunzi ya petulo, imene iphulika ikakumana ndi mbaliwali za moto.

Cacitatu, amaimika galimoto pa malo osalala, naiyeza ndi levulo monga acitira womanga nyumba. Mkati mwace amawocherera mapaipi mopingasa, m'litali ndi modutsana ngati X, kuti thupi lisasunthe denga likacoka. Ngakhale galimoto ya chassis isowa zimenezi, pakuti mbali zace zimakanuka ngati licero lothothoka mkombero.

Cacinai, amalemba mizere iwiri pa mzati uli wonse. Amasankha pamene mzatiwo uli woongoka ndi wofanana kunenepa kwace kumwamba ndi kumunsi, kuti milomo idzakumane bwino. Amaikanso zizindikiro ziwiri kutali ndi podulapo, cina kumwamba cina kumunsi. Ngati zitalikirana mainchesi 12 coimirira nchito isanayambe, ziyenera kudzatalikirana mainchesi 8 pa mizati yonse nchito itatha.

Cacisanu ndiko kudula. Kale anali kugwiritsa nchito maceka a manja; lero alipo a magetsi. Amayamba ndi mzere wa kumwamba, ndipo anthu anai amanyamula denga, ali yense pa ngondya yace. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga pano ngwenieni, pakuti denga locoka pa mizati nlofooka, ndipo wolinyamula yekha alipinda. Atatero amadula zidutswa zija ku zitsa zotsala. Zidutswazo sazitaya, popeza ziri kale ndi mapindidwe ofunika potseka mipata. Gawo limeneli likhoza kutha tsiku limodzi lisanathe. Zotsatira zace ndizo zimadya masabata ndi miyezi.

Cacisanu ndi cimodzi, amabwezera denga, naligwiriziza ndi timadontho ta moto towerengeka, nayambanso kuyeza. Amayeza kucokera pa ngondya ina kufika pa inzace ya kutsidya, monga mmisiri ayeza maziko a nyumba. Miyezo iwiriyo ikasiyana, denga lapotoka. Amabwezera zitseko kuti aone ngati zitseka. M'mphako ya mzati uli wonse amalowetsa citsulo cina cogwira mbali zonse ziwiri za podulapo, kuti mphamvu ya mzati isadalire mzere umodzi wowocherera.

Pamenepo ndi pamene kuwocherera kwenikweni kuyamba. Lata la denga nlopyapyala, pafupi-fupi milimita imodzi. Likatentha limafufuma, ndipo likazizira limakhwinyata koposa m'mene linaliri. Munthu akawocherera mzere wonse ulendo umodzi, denga licita mafunde amene sadzaongokanso. Cotero mmisiri amawocherera kadontho apa, nalumpha kukawocherera kena kutali, nadikira kuti pazizire, namenya pamalopo ndi nyundo atagwiriza citsulo cosalala kuseri kwace, kuti lata lokhwinyatalo litambasukenso. Amatero kufikira timadonthoto titakumana. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zikatha izi patsala zitseko, zimene mafelemu ace ayenera kufupikitsidwa cimodzi-modzi, ndi ngalande za madzi a mvula za m'mphepete mwa denga, ndi malabala ogwira magalasi. Potsiriza amasalaza polumikiza. Amisiri a m'zaka za m'ma 1950 anali kusungunula mtobvu naupaka ndi kathabwa, ndipo cifukwa ca ici ma Mercury aja anachedwa lead sled, ndiko kunena cilei ca mtobvu. Mtobvu ndi ululu umene uononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya ana. Masiku ano ambiri amapaka phala louma msanga lochedwa filler, nakhula ndi sandipepa asanapake penti.

GALASI SILIPINDIKA

Citsulo mungacikakamize, koma galasi ai. Magalasi a galimoto ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba, umene umaikidwa kutsogolo, ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi ndi pulasitiki pakati. Munthu wa ku France, Édouard Bénédictus, ndiye analembetsa luso limeneli mu 1909. Galasi lotere likasweka limang'aluka, koma zidutswa zace zimakangamira pa pulasitikiyo. Mmisiri waluso akhoza kulidula: amalemba mzere mbali zonse ziwiri, nathyola, nafunditsa pulasitiki ya pakati kuti aiceke ndi lumo.

Mtundu waciwiri, umene uli m'zitseko ndi kumbuyo kwa magalimoto ambiri a pambuyo pace, amautentha kupitirira madigiri 600 nauziziritsa msanga ndi mpweya. Pamwamba pace pamauma msanga, ndipo mkati mumatsala mokokana. Galasi lotere nlolimba ndithu, koma silidulika. Mukangoliceka liphulika lonse, nkusanduka tizidutswa tonga mphale.

Magalimoto a m'ma 1930 anali ndi magalasi ophwathalala ngati a zenera la nyumba, kotero kuti mmisiri anali kungodula katoni yolingana ndi zenera latsopano, nadulitsa galasi potsata katoniyo. Koma m'zaka za m'ma 1950 magalasi okhota anafala, ndipo kudula galasi lokhota nkobvuta zedi. Limodzi likatheka, ena amakhala atasweka. Cifukwa ca ici mmisiri wanzeru amayamba wapeza galasi, ndipo pambuyo pace aumba citsulo molizungulira. Woyamba ndi kudula denga angatsale ndi galimoto yokongola yopanda galasi lolowapo.

ZOOPSYA ZACE

Galimoto ikagubuduzika, cimene cilekanitsa mutu wa munthu ndi nthaka ndi denga ndi mizati yace. Ku America komweko lamulo limene linayamba kugwira nchito mu 1973 linati denga la galimoto yatsopano lipirire mphamvu yoposa kulemera kwa galimotoyo ka 1.5, osaphwanyika kupitirira mainchesi 5. Mu 2009 anakweza muyezowo kufika ka 3 pa magalimoto ang'ono. Magalimoto akale amene tiri kukambawa anapangidwa malamulowa asanakhale, ndiye kuti denga lao silinayesedwepo motero ngakhale lisanadulidwe. Nanga likadulidwa pa mizati yonse ndi kulumikizidwa mwacisawawa? Coipa ndi cakuti penti imabisa zonse. Mzati wolumikizidwa bwino ndi wongomatidwa ndi filler uoneka cimodzi-modzi kufikira tsiku la ngozi. Cikome-kome ca nkuyu, mkati muli nyerere.

Caciwiri ndi maso a woyendetsa. Galasi likacepa, zooneka nazo zicepa. Pa nyanja youma ya El Mirage panalibe mbuzi, kapena mwana wothamangira mpira, kapena wa kabaza wosenza makala. Koma ganizani za pa Zalewa tsiku la msika, pamene anthu amadzaza mbali zonse za msewu.

Cacitatu ndi lamulo la dziko lathu. Pansi pa lamulo la pamsewu la 1997, galimoto iyenera kuyesedwa ndi kukhala ndi ciphaso ca COF cosonyeza kuti njoyenera kuyenda. Munthu wofuna kusintha thupi la galimoto acita bwino kufunsa ku ofesi ya Road Traffic ndi ku kampani yace ya inshuwalansi maceka asanagwire citsulo, pakuti akafunsa atadula kale, yankho likakhala lakuti ai, sangabwezenso.

Kusabwezeka kumeneku ndi nkhani inanso. Fakitale imene inapanga denga la galimoto ya zaka 70 zapitazo siipanganso lina. Amene mwapitako ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1966, munaona basi yakale ndi makina oyendera nthunzi ataimikidwa panja. Zimenezi zitiphunzitsa cifukwa ziri monga zinaliri. Maganizo anga ndi akuti galimoto yakale yosowa, imene ikali yathunthu, isiyidwe m'mene iriri. Yoyenera maceka ndi imene ikungodyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo mazira, imene popanda mmisiri ikathera kwa ogula zitsulo zakutha.

NANGA KUNO KWATHU?

Sindiganiza kuti galimoto yotsika denga ingathandize munthu wa ku Neno. Eni ace a mcitidwewu amakonda kutsitsanso thupi lonse kufikira litayandikira nthaka, ndipo galimoto yotere singakwere misewu yathu ya m'mapiri nthawi ya dzinja. Ife tisowa galimoto yaitali miyendo ndi yaikulu mimba. Komatu luso lace nlimodzi-modzi ndi limene dziko lathu lisowa tsiku ndi tsiku. Kampani ya PEW ya mu Blantyre inali kumanga matupi a mabasi pa chassis zocokera kunja, ndipo ambiri a mabasi a Stagecoach, imene inayendetsa mabasi m'Malawi kuyambira 1989 kufikira 1997, anali omangidwa ndi manja a Amalawi. Amisiri a ku Ndirande ndi a m'misika yathu amene amaongola minibasi yogubuduzika amakumana ndi mafunso omwewa: mzati waima pa madigiri angati, ngondya zalingana kodi, galasi lilowa kodi, ndipo polumikizapo padzapirira ngozi yaciwiri kodi? Anthu 15 amene adzakwera minibasiyo sadzafunsa mafunsowa. Adzangokhulupirira kuti mmisiri anawafunsa. Nchito zotere zimaphunzitsidwa ku Lilongwe Technical College ndi m'sukulu zina zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999.

Ambiri a ife anyamata tinayamba kale umisiri umenewu osadziwa, pamene tinali kupanga magalimoto a mawaya. Ali yense wopinda waya adziwa kuti mzati umodzi ukatalika, galimoto yonse ipendama. Cotero ndikupemphani, anyamata ndi asungwana omwe, kuti muyese izi. Tengani katoni, mudulepo mbali ya galimoto yokhala ndi mzati wa kutsogolo wa madigiri 30 ndi wa kumbuyo wa madigiri 45. Musanadule, werengerani pa pepala mpata umene udzatsala mukacotsa lamba wa masentimita 2. Yankho liyenera kukhala pafupi ndi masentimita 3.2. Mukatero dulani, tsitsani denga, muyeze ndi rula. Pambuyo pace yesani njira zonse ziwiri zotsekera mpatawo, muone imene ikupatsani galimoto yokongola. Ndikhulupirira kuti aphunzitsi athu a masamu adzatibwereka ma protractor, ndipo ena a inu mudzatiuza m'magazini ya caka ca mawa ngati denga lanu linakwana.

Wophunzira wa Fomu 4,
wa ku Midzemba.